Magetsi a m'chipinda chapansi: zoti muchite nokha ndi zoti musiyire mmisiri

Magetsi ayaka m'chipinda chapansi, mapepala asainidwa, ndapumako. Koma mtima ukadali m'mwamba chifukwa cha khoma limodzi limene ndaligoba kawiri ndi kulipaka pulasitala kawiri, ndiye ndilembe izi zisanandichoke m'mutu.

Amene mumakhala m'malo otsetsereka a mu Blantyre mukuzidziwa nyumba zake. Kutsogolo khomo lili pansi bwinobwino, koma kumbuyo maziko atalika mpaka pansi pake patsala chipinda. Changa ndi cha mamita 6 mulitali ndi 4 mulifupi, ndipo khoma limodzi lagundana ndi dothi. Ndinkafuna masoketi anayi, mababu awiri mkati, limodzi panja, ndi mita yakeyake kuti wodzakhalamo azidzigulira yekha mayunitsi.

Musapake pulasitala mmisiri amene adzasaine asanaone mapaipi. Kuti mupeze mita yatsopano pamafunika mapepala osainidwa ndi mmisiri wa laisensi, ndipo malaisensi a amisiri oika magetsi amachokera ku MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta. Munthu wotere amasainira dzina lake, ndiye ngati ndi wosamala sangavomereze zimene zakwiririka kale m'khoma. Ine ndinagoba, ndinaika mapaipi, ndinakoka mawaya, ndinapaka pulasitala, kenaka ndiye ndinayamba kufunafuna woti asaine.

Woyamba amene ndinamupeza ndi amene anandipsetsa mtima. Tinapangana 8 koloko m'mawa, ine n'kupempha tsiku kuntchito. Anafika 3 koloko masana, m'manja muli foni basi, opanda ngakhale chikwama cha zida. Asanalowe n'komwe anati ndimupatse ya thiransipoti ndi ya "kuona ntchito". Ndinapereka. Anaima pakati pa chipinda, anayang'ana kudenga, anagogoda khoma ndi chala, anatsegula soketi imodzi ndi sikuludiraiva yanga yomwe. Sipanathe mphindi khumi. Kenaka akuti, "Abwana, ntchitoyi sindinaigwire ndine, koma mukawonjezerako pang'ono tikhoza kungosaina." Tsiku lathunthu, ndalama zapita, ndipo chimene ndikugulitsidwa ndi siginecha yopanda kuyeza kalikonse. Ndinkafuna munthu woti andiuze ngati chipindacho chidzapse kapena ayi, osati wondiuza mtengo wa cholembera chake. Ya kuona ntchitoyo sinabwerere, ndipo mpaka lero ndikaikumbukira imandiwawa kuposa ya simenti. Mukamaimbira mmisiri, mufunseni pafoni pomwepo ngati ali ndi chida choyezera chimene amachitcha Megger, ndipo akafika muone laisensi yake musanatulutse khobidi.

Wachiwiri anali bambo wachikulire, wosalankhulalankhula. Anamasula mababu onse, anachotsa zonse m'masoketi, n'kulowetsa mavoti 500 m'mawaya ndi chida chake kuti aone ngati pulasitiki wokuta waya ali bwino. Malamulo a ku Britain a BS 7671 amafuna kuti chidacho chisawerenge pansi pa megaohm imodzi, ndipo waya watsopano amayenera kupitirira pamenepo kutali kwambiri. Mzere wa mababu unadutsa. Wa masoketi a kukhoma la dothi unagwa pansi. "Apa mwakanda waya, kapena muli madzi," anatero, ndipo zonse ziwiri zinali zoona.

Cholakwa chinali changa. Paipi imodzi ndinaipinda katatu pakati pa mabokosi awiri, ndipo pokoka mawaya ndinachita kukokera ndi mphamvu zonse mpaka analowa. Musapitirire makona awiri pakati pa bokosi ndi bokosi. Likafunika lachitatu, ikani bokosi lina pakati. Pamene mwadula paipi, palani m'kamwa mwake kuti musakhale lakuthwa, ndipo mawaya onse a mzere umodzi mukokere limodzi, wina akukankha uku inu mukukoka uko. Ndinadutsitsanso paipi ina mopingasa kuti ndipulumutse mita imodzi ndi theka. Paipi iziyenda chowongoka kuchokera pa soketi kapena switchi, kukwera kapena cham'mbali, kapena m'kati mwa mamilimita 150 kuchokera kudenga ndi pangodya, kuti wodzakhoma msomali wa kalendala athe kudziwa pamene yadutsa.

Za madzi ndiye n'zimene zimasiyanitsa chipinda chapansi ndi zipinda zina. Khoma logundana ndi dothi limaoneka louma mu Okutobala, koma mvula ikakhazikika mu Januwale limatuluka thukuta. Paipi yokwiririka mmenemo imasunga madzi pamalo ake otsika, bokosi lachitsulo limachita dzimbiri, ndipo earth leakage, switchi imene imazimitsa yokha magetsi akamathawira kwina, imayamba kugwetsa magetsi popanda chifukwa chooneka. Titagobanso khomalo tinachotsamo zonse. Tsopano paipi ikuyenda pamwamba pa khoma, yomangidwa ndi masadulo otalikirana pang'ono ndi pulasitala, mabokosi ndi apulasitiki, masoketi ndi aja okhala ndi chivindikiro olembedwa IP66, kutanthauza kuti amatchinga fumbi ndi madzi, ndipo takweza mamita 1.2 kuchokera pansi. Sizikongola ngati zobisika, koma vuto likabwera mumaliona ndi maso. Mukadakhala ndi mwayi wosankha, khoma la dothilo musaikepo soketi n'komwe.

Ndaiwala za waya, ndipo izi zinachitika zonsezi zisanayambe. Mpukutu woyamba wa waya wa 2.5 (nambalayi ndi kunenepa kwa waya) ndinaugula pa shopu ina chifukwa unali wotchipa. Ndinakayikira nditaunyamula, unali wopepuka. Nditapala ndi mpeni, kunja kofiirira, mkati moyera: aluminiyamu wopakidwa mkuwa. Mukauika pa moto wa machesi, kawaya kake kamafota n'kugwa, pamene mkuwa weniweni umangoda koma uli chiimire. Amene muli ndi chida choyezera cha multimeter, mpukutu wa mamita 100 wa mkuwa wa 2.5 umawerenga pafupifupi 0.74 ohm, wa 1.5 pafupifupi 1.2 ohm. Ukapitirira kwambiri, ndiye kuti ndi woonda kapena si mkuwa. Waya wotere amatentha, amamasuka pa sikulu, ndipo soketi imayamba kununkha. Palani kansonga muli pa kauntala pomwepo, chifukwa mukatuluka nawo sakulandiraninso.

Zimene zalowa m'chipindamo ndi izi. Mapaipi a PVC a mamilimita 20. Mababu ali pa waya wa 1.5 ndi bureka (switchi yogwa yokha magetsi akachuluka pa waya) ya 6A. Masoketi atatu ali pa waya wa 2.5 ndi bureka ya 20A. Soketi yachinayi, ya pamalo ophikira, bambo wachiwiri uja anaipatsa mzere wakewake ndi bureka yakeyake, ndipo anali ndi mfundo: pa mavoti 230, bureka ya 20A imanyamula mawati 4,600, ndiye hotipuleti, ketulo ndi ayironi zikayaka nthawi imodzi yagwa. Chimene ena amachita bureka ikamagwa n'kuikapo ya 32A pa waya yemweyo. Bureka imateteza waya, ndiye mukaikulitsa, chimene chidzapse ndi wayayo. Mu DB, bokosi logawa magetsi lokhala ndi mabureka, mulinso main switch ndi earth leakage ya 30mA, ndipo panja tinakhoma ndodo ya ethi, yotayira m'nthaka magetsi othawa, pamalo achinyezi, osati pansi pa khonde pouma.

DB imeneyo sindinaikhudze, ndipo inunso musaikhudze. Kugoba khoma, kukhazika mabokosi molingana, kuika mapaipi, kusiya waya wokokera mkati, kukumba pa ndodo ya ethi, izi munthu wa manja ake angachite, ndipo ndi zimene zimadya masiku ambiri pa mtengo wa mmisiri. Kulumikiza mu DB ndi kuyeza ndi zake. Anayeza ngati waya wa ethi ukufika pa soketi iliyonse osaduka, ngati switchi ikudula waya wamoto osati wa neutral wobwererapo magetsi, ndi ngati earth leakage ikugwa isanathe mamilisekondi 300. Tesita ya sikuludiraiva ija yoyaka kababu siingakuuzeni ngakhale chimodzi mwa izi. Mita ndi zonse za kumtunda kwake ndi za ESCOM, loko yake si yanu yodula.

Bambo uja anapezanso china chimene ndinachita mwaulesi. Babu lapanja ndinalitengera neutral ku mzere wa mababu a nyumba yam'mwamba chifukwa unali pafupi. Zikatero earth leakage imaona kuti magetsi otuluka ndi obwerera sakufanana, imagwa nthawi iliyonse mukayatsa. Choopsa kwambiri n'chakuti wina akhoza kuzimitsa DB imodzi n'kuganiza kuti waya wafa pamene ukadali ndi moto kuchokera ku inayo. Samalaninso ndi mitundu: nyumba zakale zili ndi wofiira wamoto ndi wakuda wa neutral, pamene mawaya ena atsopano ndi abulauni ndi abuluu. Osangokhulupirira mtundu, yezani.

Ndipo chonde, magetsi akathima si nthawi yogwira mawaya. Ndamvapo anthu akunena kuti "tiyeni tichite changu asanabwere". Amabwera osagogoda. Gwetsani main switch, mumate tepi, muuze aliyense m'nyumba, ndipo ngati muli ndi inverter kapena sola, muzimitsenso chifukwa imabweza moto m'mawaya omwewo.

Ndikadayamba ndi bambo wachiwiriyu, tikadagwirizana chonchi: iwo ajambule pakhoma ndi choko pamene padutse chilichonse, andilembere zogula, ine ndigobe ndi kuika mapaipi, iwo abwere kudzaona, ndiyeno pulasitala. Ndikubwerezanso, pulasitala azibwera mmisiri ataona. Mtengo mugwirizane pa pointi iliyonse, soketi kapena babu, ndipo mufunsiretu ngati kuyeza ndi kusaina zili momwemo, komanso gawo lomaliza mulipire mapepala ali m'manja mwanu. Zotsatira za kuyeza akulembereni manambala ake papepala, osangoti "zili bwino". Langa ndaliika m'pulasitiki n'kulimata mkati mwa chitseko cha DB, ndipo pambali ndalemba ndi maka kuti batani la T pa earth leakage lizidinidwa miyezi isanu ndi umodzi iliyonse.