Seva yosungira mafayilo: NFS yayamba kugwira, koma samalani ndi manambala a UID

Pomwe ntchito yokonza seva yosungira mafayilo yafika: kompyuta yakale ya ku Area 25 ili ndi Debian 12 ndi ma hard disk awiri a 4TB omangidwa pa RAID 1 ndi pulogalamu ya mdadm. Malo osungira ndi 4TB basi, osati 8, poti disiki yachiwiri imangokopera yoyamba. Zonse zili mu /srv/gulu.

Sabata ino ntchito inali yakuti kaseva kena koyendetsa mapulogalamu kazitha kuwerenga ndi kulemba mmenemo. Pakati pa makina a Linux okhaokha, NFS, njira yogawana mafoda pa netiweki, ndiyo yosavuta. Samba, njira ina yogawana mafoda, idikire tsiku la malaputopu a Windows.

Pa seva yosungira ikani nfs-kernel-server, kenako mu /etc/exports mzere umodzi:

/srv/gulu 192.168.1.20(rw,sync,no_subtree_check,root_squash)

Mukatero exportfs -ra kuti mzerewo uyambe kugwira ntchito. Pa firewall tsegulani port 2049 kwa adiresi imeneyo yokha, ya kaseva kakang'ono kaja. Osalemba nyenyezi (*) m'malo mwa adiresi, chifukwa ndiye kuti aliyense amene munampatsa pasiwedi ya Wi-Fi akhoza kulowamo ndi laputopu yake.

Mpaka apa palibe chovuta. Mutu umaima pa "Permission denied" pamene foda ikuoneka bwinobwino. NFS sidziwa mayina a anthu, imaona manambala. Dzina likhoza kukhala limodzimodzi pa makina onse awiri, koma ngati UID, nambala imene Linux imapatsa akaunti iliyonse, kuno ndi 1000 ndipo uko ndi 1001, kwa NFS amenewo ndi anthu awiri. Ndipo sudo sikupulumutsani, chifukwa root_squash imasandutsa root, akaunti ya mphamvu zonse, kukhala nobody, akaunti yopanda mphamvu, nambala 65534. Ena amangochotsa root_squash, kapena kuthira chmod 777 (kutsegulira aliyense) paliponse. Kumeneko ndi kugumula mpanda chifukwa kiyi wavuta.

Chomwe chagwira: kupanga gulu ndi groupadd -g 3000 gulu pa makina onse awiri, nambala yake yomweyo. Kenako chgrp -R gulu /srv/gulu ndi chmod 2770 /srv/gulu. Ka 2 kakutsogoloko kamachititsa kuti fayilo iliyonse yatsopano itenge gulu la fodayo. Umask, imene imakhazikitsa zilolezo za mafayilo atsopano, nayo ikhale 002, apo ayi mnzanu aziwerenga koma osatha kusintha. Amene wangoikidwa m'gulu atuluke n'kulowanso, kupanda kutero sizisintha.

China ndi magetsi. Akabwerera atathima, kaseva kakang'ono kamadzuka msanga kuposa kosungira, ndiye pulogalamu imayamba kulemba mu /mnt/gulu yopanda kanthu, pa disiki yake yomwe, mwakachetechete. Mumadzazindikira disiki itadzaza. Pa kaseva kakang'ono, mu /etc/fstab, fayilo yotchula zoti zilumikizidwe makina akamadzuka, mukhale chonchi (192.168.1.10 ndi seva yosungira):

192.168.1.10:/srv/gulu /mnt/gulu nfs4 _netdev,nofail,x-systemd.automount 0 0

Ndi bwinonso kupanga chattr +i pa foda yopanda kanthuyo isanalumikizidwe, kuti pasalembedwe kalikonse NFS ikasowa.

Zotsala: UPS (batire lothandiza magetsi akathima) ndi pulogalamu ya NUT kuti seva izizima yokha batire likamatha, smartctl yoyang'anira kutentha kwa madisiki kusanafike kutentha kwa Okutobala, ndi disiki yachitatu yokopera mafayilo, yokasungidwa kunyumba ina. Fayilo ikafufutidwa mwangozi pa RAID 1 imachoka pa madisiki onse awiri nthawi imodzi.