Timalabala Tinayi Tandidyera Sabata Yonse

Lolemba m'mawa ndikungotsegula kumene, anafika bambo wina wachikulire akukankha njinga ya Peugeot yoyera ya m'ma 1970, ya mahandulo opindikira pansi. Anati inali ya malemu achimwene awo ndipo yakhala itapachikidwa kudenga zaka zambirimbiri. "Amisiri, ingondiikirani timalabala tatsopano ta mabuleki, zina zonse zili bwinobwino." Mumtima ndinati iyi ndi ntchito ya mphindi khumi. Njingayo yatuluka Loweruka.

Timalabala takale tija tinali tisanathe n'komwe, mizere yake ikuonekabe. Koma nditakanda ndi chikhadabo zinali ngati ndikukanda mwala. Labala akakhalitsa amauma, pamwamba n'kuyamba kunyezimira, ndiye m'malo mogwira limu amangoterereka kwinaku akulira.

Vuto loyamba linali la mabuleki enieniwo. Ndi Mafac Racer, a ku France, aja waya amawakoka pakati, omwe anayamba kupangidwa mu 1952. Timalabala ta njinga zambiri, monga ta mabuleki a Weinmann, timakhala ndi kabawuti ka mazinga, umangolowetsa n'kumanga nati. Ta Mafac ayi. Timakhala pa kachitsulo kosalala komwe kamapanidwa ndi bawuti ya chiboo. M'bokosi langa munali tosalala tina, koma tatitali, ta njinga zokwera mapiri. Lachiwiri ndinatimanga pofuna kufulumira, ndipo apa ndinalakwitsa ndekha. Kumbuyo tinakhala bwino. Kutsogolo mchira wake unkagunda foloko, buleki osatseguka mokwanira, moti kuti uchotse gudumu unayenera kuyamba waphwetsa tayala. Ndinamasula zonse mwamanyazi, mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito akunamizira kusesa.

Chanzeru chinali kusunga timakontena takale ta aluminiyamu momwe mumakhala labala, kutulutsamo labala wouma n'kulowetsamo watsopano. A Kool-Stop amapanga labala wolowa ndendende mu ta Mafac, ngakhalenso mu ta mabuleki akale a Campagnolo. Ndinaitanitsa wofiirira uja, amene amasakanizamo dzimbiri la chitsulo loperapera, chifukwa pa mvula ndi amene ndimamukhulupirira.

Lachitatu tikudikira katunduyo tinagwira zina: machubu oboka, tcheni chodumpha, ndi Raleigh yakale ya mabuleki a Weinmann. Imeneyo sinavute. Malimu ake ndi achitsulo, ndiye ndinaikako timalabala ta Fibrax tokhala ndi chikopa pankhope, tomwe tinapangidwira malimu otere, mwiniwake n'kumapita.

Raleigh imeneyi ndi imene inandikumbutsa chinthu chomwe ndinayenera kuyambira Lolemba. Ndinatenga maginito n'kuyika pa limu ya Peugeot ija. Anamata nthawi yomweyo. Chitsulo chokutidwa ndi kulomu, chonyezimira mpaka kudzionerapo nkhope. Zaka zonse ndagwira ntchitoyi, ndipo ndimauza aliyense kuti asanafunse dzina la labala ayambe waona limu, koma ineyo ndinayamba ndi labala. Kukauma, limu yachitsulo imagwira ndithu. Ikangonyowa, madzi amayala pamwamba pa kulomuyo ndipo gudumu limazungulira kangapo buleki isanayambe kuluma. Opanga ankadziwa zimenezi, n'chifukwa chake m'mbali mwa malimu amenewa anadindamo timaenje. Timaenjeto timangochititsa phokoso ngati la njuchi ukagwira buleki, koma pa mvula sindinaonepo kuti tathandiza kwenikweni.

Katundu anafika Lachinayi. Ndinamusiyira mnyamata uja kuti alowetse labala, ine ndikusintha mawaya, popeza akale anali atachita dzimbiri mkati ndipo mphamvu yambiri ya dzanja inkathera momwemo. Atamaliza anandiitana monyadira. "Abwana, taonani." Nditaona buleki yakutsogolo, ndinamuuza azungulitse gudumu pang'onopang'ono n'kundiuza kumene limu ikukankhira labala. Anayang'ana, anakhala chete, kenako anagwira pakamwa. Kakontena kaja n'kotseka mbali imodzi, kotsegula mbali inayo. Kotsekako kuyenera kuloza kutsogolo, kumene limu ikulowera. Iye anali atatembenuza. Pamtsetse, kungofinya mwamphamvu kamodzi, labala akanafwamphuka ngati njere, wokwerayo n'kutsala ndi chitsulo chokhachokha chikukwecha limu. Sindinamukalipire. Ndikanayambira pati, za Lachiwiri zija anaziona ndi maso ake.

Kenako kulira. Mabuleki a Mafac amadziwika nako, amalira mpaka agalu kuuwa. Mankhwala ake ndi oti nsonga yakutsogolo ya labala iyambe kukhudza limu, yakumbuyo itatsalira pafupifupi milimita 1. Amisiri akale ankangopana mkono wa buleki ndi sipanala n'kuupotoza. Ine pa aluminiyamu wa zaka 50 sindiyerekeza, amang'aluka osakuchenjeza. Ndinapala kumbuyo kwa labala ndi sandipepa, pang'onopang'ono, kuyesa, kupalanso. Ndinaonetsetsanso kuti labala sakukwera n'kukhudza tayala, chifukwa akamakhula m'mbali mwake tsiku lina limaphulika.

Lachisanu ndinathira ndowa ya madzi pa magudumu onse n'kupalasa pabwalo. Kusintha kunalipo, koma osati kondikhutiritsa. Ndinawaimbira bambo aja n'kuwafotokozera mosabisa kuti labala wachita mbali yake, chotsala ndi malimu. Akafuna buleki yeniyeni pa mvula, tiikepo a aluminiyamu. Magudumu awo ndi a mainchesi 27, omwe ndi mamilimita 630 pamene tayala limakhala. Ofala masiku ano a 700C ndi 622, choncho labala amayenera kutsika mamilimita 4. Ndinali nditayeza kale, mikono ya Mafac inali ndi malo okwanira.

Anakhala chete kanthawi pafoni. "Amisiri, magudumu amenewo achimwene anga ankawapukuta Lamlungu lililonse. Asiyeni."

Anabwera Loweruka masana. Anafinya buleki yakutsogolo n'kukankha njingayo, gudumu lakumbuyo n'kunyamuka, iwo n'kuseka. Ndinawauza kuti mvula ikawapeza panjira azifinya pang'ono akadali kutali, labala ayambe wapukuta madzi pa limu, ndipo pamtsetse asadikire kuti liwiro lichuluke. Anagwedeza mutu, anapinda mwendo wa thalauza, kenako anandifunsa ngati timalabala takale tija ndinataya. Mnyamata anatitola m'chitini cha zinyalala, anatipukuta, ndipo bamboyo anatiika m'thumba la malaya.