Zikomo nonse amene munatigwira dzanja pa ngozi ya pa Lumbadzi

Patha masabata atatu chichitikireni ngozi ija, ndipo mafoni ambiri sindinayankhe. Sikunali kunyada ayi, nthiti sizinkandilola ngakhale kuseka. Lero ndakhala pampando popanda wondigwiriziza, ndiye ndati ndikuthokozeni nonse pamodzi.

Kwa amene munangomva mphekesera, zinayenda chonchi. Tinkachokera ku Mponela kuchinkhoswe, tili anayi mu Sienta yathu: ine, mayi a kunyumba, apongozi anga ndi mwana wathu wamkazi wa Sitandade 4. Kunali kachisisira, mvula ikuwaza. Titangopitirira pa Lumbadzi, pa M1 kulowera ku Kanengo, lole yochokera kutsogolo inandithobwa m'maso ndi magetsi ake. Pomwe maso ankabwerera, ngolo ya nkhuni inali pamphuno pa galimoto. Mabuleki ndinaponda, koma mtunda unali utatha. Chomwe ndikukumbukira ndi phokoso ngati la mfuti, kenako utsi woyera tho m'galimoto monse. Ndinakuwa kuti tikupsa, osadziwa kuti linali fumbi lotuluka ndi ma airbag, matumba a mpweya aja amene amafufuma pangozi.

Ndikatha kuthokoza Mulungu, wachiwiri ndi mwana wangayu, ndipo ndinene pagulu pano ngakhale zikundichititsa manyazi. Ine ndinali m'gulu la madalaivala aja amene amamangiratu lamba kumbuyo kwa msana kuti kabelu kasiye kulira, n'kumaukokera pachifuwa akaona apolisi a trafiki patsogolo. Mwanayu anaphunzira za lamba kusukulu ndipo kuyambira pamenepo m'galimoto mulibe mtendere. Tsiku limenelo ponyamuka, agogo ake anakana kwamtuwagalu. Anati, "Ndine mbuzi kodi kuti muzindimanga?" Iye anangoyankha kuti, "Agogo, mukapanda kumanga adadi sayendetsa, tigona konkuno." Anawamanga yekha, n'kundiyang'anitsitsa ineyo mpaka nanenso ndinamasula wanga wachinyengo uja n'kumanga bwinobwino. Timati mawu a akulu akoma akagonera, koma a mwanayu sanagonere n'komwe, anakoma madzulo omwewo.

Apongozi anakhala kumbuyo kwanga kwenikweni. Adokotala amene anandiona anandifotokozera kuti munthu wa kumbuyo akapanda kumanga sangovulala yekha, amauluka ndi thupi lake lonse n'kudzaphwanya amene ali kutsogolo kwake. Galimoto ikagunda chinthu ikuthamanga makilomita 50 pa ola, zili ngati munthu wagwa kuchokera pamwamba pa mamita 10, ndipo palibe dzanja lingagwire mpando n'kupirira mphamvu imeneyo. Apongozi anatuluka ndi mzere wakuda kuchokera paphewa kufika m'chiuno, pomwe panadutsa lamba. Mpaka lero akuuonetsa kwa aliyense wodzawazonda, ngati mendulo.

Ndinkaganiza kuti galimoto ikakhala ndi ma airbag, lamba ndi wongosangalatsa apolisi. Ndinalakwa. Zilembo zija SRS zolembedwa pachiwongolero zimanena kuti thumbalo ndi chida chongowonjezera pa lamba. Limafufuma mwachangu kuposa kuphethira kwa diso, pa liwiro lofika makilomita 300 pa ola, ndipo lamba ndi amene amakugwira kuti ukumane nalo litafufuma kale. Ukakhala wosamanga umakumana nalo likadali m'njira. Ine, womanga, linandisupula mikono yonse iwiri. Mayi a kunyumba amakonda kusanjika mapazi pa dashibodi tikakhala pa ulendo wautali, ndendende pomwe pamatulukira thumba la mbali yawo. Chinawapulumutsa ndi diresi la chinkhoswe, linali lothina moti anakhala mwaulemu njira yonse. Atelala awo, nanunso zikomo.

Anthu a m'mudzi wa pafupi ndi pamalopo, sindikudziwa kuti ndikuthokozeni bwanji. Tonse timadziwa mantha amene dalaivala amakhala nawo akaona anthu akuthamangira pangozi. Inu munabwera ndi matochi, munatsegula chitseko chomwe chinakanirira, ndipo mayi wina anavula chitenje chake n'kufunditsa mwana wanga amene ankanjenjemera. Mafoni athu, chikwama cha mayi, ngakhale nkhuku yomwe anatininkha kuchinkhoswe, zonse munatipatsa m'manja. Bambo a ngolo anathyoka mwendo, komabe mawu awo oyamba anali ofunsa ngati mwana ali bwino. Ndakhala ndikuwayendera ndipo akuchira. Ng'ombe zawo zonse ziwiri zili moyo.

Dalaivala wa minibasi amene anatsitsa anthu ena kuti atitengere kuchipatala, n'kukana ndalama, Mulungu akudalitseni achimwene. Anamwino a usiku umenewo, apolisi amene anabwera mvula ikugwa, abusa ndi amayi a kumpingo, aneba athu a ku Area 25 amene munkasinthana kuperekeza mwana kusukulu, anzanga a kuntchito, alamu anga amene anathamanga ndi mapepala a inshuwalansi: ndakuonani nonse.

Pali anyamata atatu a pa car wash ya kwathu amene mwina saganiza kuti angatchulidwe pa nkhani ngati ino. Galimoto inakhala masiku angapo padzuwa, yotseka. M'kati munali magazi a kumphuno kwa mayi, tizidutswa ta galasi, fumbi loyera lija, komanso chigubu cha malita 5 cha thobwa chomwe chinaphulikira pakapeti. Amene anasiyapo thobwa padzuwa akudziwa fungo lake. Ine nditatsegula chitseko ndinabwerera m'mbuyo, osati chifukwa cha fungo lokha. Mtima unakana kuona mpando wa mayi uli choncho.

Anyamatawa anandiuza kuti ndikhale patali, ndipo ndinkawaonera ndili pa benchi. Anavala magolovesi. Sanayambe ndi madzi ngati mmene ndikanachitira ine. Anayamba ndi huva, ngodya iliyonse, chifukwa fumbi lija likanyowa limasanduka phala ndipo galasi limabisala m'misoko ya mipando kudikira mwendo wa mwana. Magazi anatsuka ndi madzi ozizira, akuti otentha amawakhazikitsa mu nsalu. Kapeti anaichotsa yonse kukayanika. Pansi pa mipando ya kutsogolo pali mawaya okutidwa zachikasu, ndipo wamkulu wawo analetsa anzake kuwakhudza kapena kuwanyowetsa, chifukwa ndi a ma airbag. Lamba wa mpando wa pakati anamusolola yense, n'kumutsuka ndi sopo wamba ndi madzi ofunda pang'ono, kenako anamupana ndi pegi kuti aume pamthunzi asanabwerere m'malo mwake. Nditawafunsa za Jik anaseka, akuti amadya ulusi wa lamba ndipo tsiku la tsoka angaduke.

Potsuka anapeza ndolo ya apongozi ndi ma K5,000 awiri pansi pa mpando, n'kundibweretsera pa benchi pomwepo. Anapezanso china chomwe chinandiziziritsa nkhongono. Kabowo kolowetsamo lamba wa pakati kanali kodzaza makoko a mtedza ndi kandalama ka K1, moti lamba ankalowa koma osagwira. Mwana wanga amakonda kukhala pakati pomwepo kuti aziona njira. Tsiku la ngozi anasunthira kuwindo chifukwa pakati tinaikapo dengu. Zaka zonsezi ndakhala ndikulipira kuti galimoto iziwala kunja, m'kati ndikungokutumula mamati.

Amakaniko anga, zikomo chifukwa chondikaniza. Ndinkafuna zotchipa: kumata chivundikiro cha chiwongolero, kuzimitsa kanyali ka SRS, basi galimoto ibwerere pamsewu. Munandiuza kuti zimenezo ndikachitire kwina. Munandionetsa kuti malamba amene anatigwira aja anauma gwa, chifukwa m'kati mwake muli kachida komwe kamaphulika kamodzi kokha kuti kakoke lamba pa nthawi ya ngozi, ndipo sasokedwa kapena kukonzedwa, amangosinthidwa. Munandiphunzitsanso kuti kanyali kaja kamayenera kuyaka ndikangoliza galimoto n'kuzima pakapita masekondi ochepa; kakapanda kuyaka n'komwe, ndiye kuti kanafa kapena wina anakaseweretsa. Thumba la ndalama lalira, koma tikudikira zipangizo zenizeni.

Ndili chigonere ndinawerenga za munthu amene anapanga lamba wodutsa paphewa ndi m'chiunoyu, injiniya wa ku Sweden dzina lake Nils Bohlin, wa kampani ya Volvo, mu 1959. Kampaniyo inalola kuti ena onse opanga galimoto atengere luso limeneli kwaulere. Bamboyo anamwalira mu 2002 osamvapo za Lumbadzi, koma apongozi anga alamula kuti nayenso ndimutchule.

Lamulungu likubwerali tikapereka chopereka chothokoza kutchalitchi, ndipo masana kunyumba kudzakhala tiyi. Amene mapoto ndi mafulasiki anu akadali kwathu, mudzatengeretu tsiku limenelo. Pali fulasiki ina yabuluu yomwe inabwera ndi phala la mpunga tsiku lachiwiri kuchipatala, ndipo mpaka lero palibe amene akudziwa mwini wake.