Mawaya osalumikiza m'makina osemera matabwa kuno ku Joni

Ndimakonza makina amagetsi m'mawekishopu ang'onoang'ono kuyambira ku Booysens, Jeppestown mpaka ku Germiston. Masiku ano foni zambiri zikumakhala za makina a CNC, aja osema thabwa motsatira chojambula cha pa kompyuta. Abale athu akalipentala akuwagula pa intaneti chifukwa mtengo wake ndi wofikirika. Opanga anawapangira munthu wosema mwa apo ndi apo, koma ife timawagwiritsa ntchito m'mawa mpaka dzuwa kulowa, kudula zitseko za makabati ndi zikwangwani za masaluni. Chomwe chimandiwawa n'chakuti pomwe opangawo anapulumutsira ndalama ndi pamene wogula sangaone, ndipo ndi pomwepo pali moyo wake.

Lolemba ndinali ku Turffontein kwa achimwene ena ochokera ku Mangochi. Ali ndi makina a CNC amtundu wa 6040, okhala ndi spindle (mota yozunguza mpeni wosemera) ya 1.5 kW yozizira ndi madzi. Anati akagwira chitsulo cha makinawo dzanja limachita nyerenyetsi, komanso ntchito imaima yokha pakati. Nditayeza ndi mita kuchoka pa thupi la spindle kufika pa phini ya earth ya pulagi (njira yothawitsira pansi magetsi odontha), panalibe kulumikizana kulikonse. Ndinamasula kapulagi ka pamwamba pa spindle. Kali ndi maphini anayi: atatu a magetsi ochokera ku VFD (bokosi lolamulira liwiro la spindle), lachinayi la earth. Lachinayilo linali lowala mbee, silinakhudzidwepo ndi mtovu chichokereni ku fakitale. Izi ndimazipeza kawirikawiri pa ma spindle otchipa.

Kenaka ndinatsegula pulagi yapakhoma. Waya wobiriwira ndi chikasu unali wodula, atapindira m'mbali.

"Achimwene, uyu anadula ndani?"

"Mnzanga wina anati ndi amene akugwetsa earth leakage. Titadula zinasiya kuvuta."

Zoona, VFD imadontheza magetsi pang'ono kupita ku earth, ndipo nthawi zina imagwetsa earth leakage, switchi ija ya 30 mA yodula magetsi akadontha, yomwe malamulo a SANS 10142-1 amafuna kuti iteteze masoketi. Koma kudula wayayo ndi kusiya thupi la munthu kuti likhale njira ya magetsiwo. Apa tikunena za 230V, pansi pa simenti, pambali pali ndowa ya madzi oziziritsa spindle yomwe mwamira pampu yoyendera magetsi omwewo, ndipo achimwenewa amapisamo dzanja kuti amve ngati madzi atentha. Ndinalumikiza earth ku spindle, ku bokosi ndi ku felemu, nditayamba ndapala penti ndi kachikutiro kopyapyala kapamwamba pa aluminiyamu chifukwa sizidutsitsa magetsi. Nthambo ya spindle ndinaisintha n'kuika yokhala ndi ukonde wachitsulo m'kati. Kuimaima kuja kunathera pomwepo, pakuti kunkabwera ndi phokoso lamagetsi la VFD lomwe linkasokoneza USB.

Lachiwiri inali ntchito yopepuka: kamakina ka CNC ka 3018 koyendera pulogalamu ya GRBL kankasema zozungulira zopotoka. Kasikuluu komanga mota ku ndodo yamazinga kanali katamasuka. Zotere zimangoononga thabwa, sizipha munthu, koma ndi zimene anthu amathamangira kuimbira foni.

Lachitatu ndinathera tsiku lonse pa batani lofiira loimitsira makina pangozi. Madala ena ku Jeppestown anandionetsa monyadira kuti makina awo ali nalo lalikulu bwino. Ndinalondola mawaya ake awiri: ankathera pa bodi yolandira malamulo a Mach3, pulogalamu ya pa kompyuta yoyendetsa makinawo, basi. Batani lotere lili ngati kutuma mwana kuti akauze dalaivala aime. Kompyuta ikaundana, uthengawo sufika, ndipo spindle imapitiriza kuzungulira maulendo 24,000 pa mphindi. Ndinawapempha kuti tiyese popanda mpeni. Nditazula USB makina ali m'kati moyenda, iwo anamenya batanilo kawiri, spindle ikungolira.

"Ndiye nthawi yonseyi ndimadalira chiyani, mwana wanga?" anafunsa madalawo.

Ndinaika contactor, switchi yoyendera maginito a magetsi, yoti batanilo lizidula magetsi enieni. Ili ndi ubwino wina womwe tonse okhala kuno tikuumvetsa. Tinaona mmene Eskom inazimitsira magetsi mu 2023, ndipo ngakhale lero amathima mosayembekezera nthambo zikabedwa kapena transformer ikapsa. Makina ongokhala ndi switchi wamba, makamaka omwe anamangirira router ya kalipentala m'malo mwa spindle, amadzuka okha magetsi akabwera. Nthawi imeneyo n'kutheka munthu wagwira sipanala pa collet (pomangira mpeni), akusintha mpeni poti kuli zii. Ndi contactor, makina sayaka mpaka wina adine batani lobiriwira.

Za Lachinayi zikundisowetsabe mtendere. Ku Rosettenville anyamata awiri akudula MDF, matabwa aja a utuchi wopanikiza ndi guluu, m'galaja momwenso amagonamo. Matiresi anaimikidwa kukhoma, ndipo nditawagunda ndi dzanja panatuluka fumbi lofiirira. Fumbi la MDF ndi losalala kuposa utuchi wa macheka, komanso muli guluu wa formaldehyde. Bungwe la IARC, lofufuza za khansa padziko lonse, linaika fumbi la matabwa m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa mu 1995, makamaka ya m'mphuno. Makinawo anabwera opanda chotchingira kapena polumikiza choyamwa fumbi. Pathabwa lapansi panali bala lakuda lalikulu ngati chikhatho. Wamng'ono mwa awiriwo anati anangopita kukagula buledi ntchito ili m'kati, pobwera anapeza utsi. Mpeni wobuntha ukamakhuza m'malo modula umatentha, ndipo fumbi lodzaza mumzera limanyeka mwakachetechete. Ndinawauza mosapsatira kuti makina akamayenda munthu asachoke, agule mamasiki a FFP2 ndi chozimira moto, ndipo matiresi atuluke. Anayankha kuti lendi ya chipinda china sangaikwanitse panopa. Ndikudziwa kuti sakunama. Tinagwirizana zoyamba ndi choyamwa fumbi chokhala panja pa chitseko, paipi yokha n'kulowa.

Lachisanu asisi ena opanga zokongoletsa za maukwati anandiitana ndisanayambe n'komwe kuwalumikizira makina atsopano. Ndinakondwa, chifukwa tinayamba bokosi lisanalawe magetsi. Kaswitchi ka 110V ndi 220V pa power supply tinakaona kaye kuti kali mbali yoyenera, malo omangira mawaya a 230V omwe anali poyera tinawavindikira, ndipo phini lachinayi la spindle nalonso linali losalumikiza. Ndalama yomwe anasungira mipeni yowonjezera inapita ku contactor, nthambo ndi magalasi oteteza maso. Mipeniyo adzagula mwezi ukatha, ndipo limit switch (timaswitchi toimitsa makina akafika kumalire) za mbali zonse zitatu ndikawaikira sabata yamawa zikafika.