Kalata ya mnyamata wa zaka 23 wofuna kukhala phungu ku Illinois

Sabata ino pa phunziro la mbiri ya ndale za ku America tinali pa nyumba za malamulo za m'zigawo. Dziko lija lili ndi zigawo 50, ndipo chigawo chilichonse chili ndi nyumba yakeyake ya malamulo, kuwonjezera pa yaikulu ija ya ku Washington. Nkhani za misewu, sukulu, misonkho ya m'chigawo ndi ngongole zambiri zimagamulidwa kumeneko. Kwa ife amene tinazolowera Nyumba ya Malamulo imodzi yokha, zimatenga kanthawi kuti zilowe m'mutu. Aphunzitsi anatipatsa kalata imodzi yakale kuti tiisanthule ndi mafunso awiri: munthuyu mpandowu akuufuniranji, nanga akuti akachita chiyani akasankhidwa?

Kalatayo inalembedwa pa 9 Marichi 1832 ndipo inatuluka m'nyuzipepala ya Sangamo Journal ku Springfield. Mwini wake ndi Abraham Lincoln, koma iwalani kaye za ndevu zija, chipewa chachitali ndi upulezidenti. Apa n'kuti ali ndi zaka 23, akugulitsa m'sitolo ya Denton Offutt m'kamudzi ka New Salem, komwe anali asanathe n'chaka chomwe. Masiku onse amene anakhalapo m'kalasi, kuwaphatikiza pamodzi, sankakwana chaka chimodzi. Ankafuna kukaimira boma la Sangamon m'nyumba ya malamulo ya chigawo cha Illinois, imene nthawi imeneyo inkakumana ku Vandalia.

Gawo lalikulu la kalatayo likukamba za mtsinje. Alimi a kumeneko chimanga anali nacho, nkhumba anali nazo, koma msika unali kutali, ku St. Louis ndi ku New Orleans, ndipo misewu mvula ikagwa inkasanduka matope okhaokha. Ena ankakamba zomanga njanji yochokera ku mtsinje wa Illinois, kudzera ku Jacksonville, mpaka ku Springfield. Lincoln sakutsutsa. Akuvomera kuti njanji imaposa njira ina iliyonse chifukwa ilibe kanthu kuti madzi aphwa kapena aundana ndi chisanu. Kenako akutchula mtengo wake, madola 290,000, n'kunena kuti kungomva chiwerengerocho mtima umangoti myuu. Ndiye akuti tiyeni tikonze mtsinje wa Sangamon, umene tili nawo kale.

Apa mnyamatayu akulankhula zimene anaziona ndi maso. Mu 1831 iye ndi anzake anakhoma chibwato chamatabwa chonyamulira katundu wa Offutt kupita ku New Orleans. Chakumapeto kwa Epulo chibwatocho chinakakamira pa damu la chigayo cha pa New Salem, mutu uli lende pamwamba pa damulo, kumbuyo madzi akulowa. Anthu a m'mudzimo ankasimba kuti Lincoln anatsitsako katundu wina, wotsalayo n'kumukankhira kutsogolo, kenako anaboola bowo kumutu kwa bwatolo kuti madzi atuluke, n'kulitsekanso, bwato n'kudutsa. Choncho akamanena m'kalata kuti kwa miyezi 12 wakhala akuyang'anitsitsa kukwera ndi kutsika kwa madzi a mtsinjewo kuposa anthu ambiri, sakudzitama chabe. Akudziwa kuti chotchinga chachikulu ndi mitengo yokokoloka imene imaunjikana pamakona. Nzeru yake ndi yochotsa mitengoyo, kudula makonawo, ndipo chakumunsi kukumba ngalande yowongoka m'chidambo kuti madziwo azidzikumbira okha njira. Akuti zikatero mabwato onyamula matani 25 mpaka 30 angamadutse kwa theka la chaka kapena kuposerapo.

Ndinawerenga ndimeyi mobwereza chifukwa pali chinthu chimene chimabisala mosavuta. Njanji, imene sakuifuna, waitchulira mtengo wake weniweni. Koma ikafika ntchito yake ya mtsinje, akungoti mtengo wake sangathe kuunena, mwina sungapose wa mitsinje ina yotalika chimodzimodzi. Owerenga achita mantha ndi madola 290,000 aja, ndiye chilichonse chopanda nambala chikuoneka chotsika mtengo. Sindikuganiza kuti anachita dala mwachinyengo, poti wanena poyera kuti sakudziwa. Komabe kuyerekeza kotere n'kopendekera mbali imodzi, ndipo m'kalasi palibe amene anakuona msanga chifukwa tonse tinali titatengeka ndi mmene akuudziwira mtsinjewo.

Mfundo yachiwiri ndi katapila. M'midzi yatsopano ya Illinois ndalama zinali zosowa, ndipo okongoza ankaika chiwongoladzanja chimene afuna. Lincoln akufuna lamulo loika malire. Koma taonani zimene akuwonjezera: akuti munthu akapanikizika zedi, njira yozembera lamulolo idzapezeka ndithu, ndipo iye akufuna lamulo lovuta kulizemba kotero kuti munthu azilizemba pokhapokha zinthu zitafika pothina. Wofuna kukapanga malamulo akuuza anthu m'nyuzipepala kuti lamulo lake lidzazembedwa, ndipo nthawi zina mpake! Mnzanga wina anati uku n'kusakhwima pandale. Ine ndikuona munthu amene umphawi akuudziwa, wodziwa kuti kutseka katapila kotheratu n'kutsekanso khomo lomaliza la wosauka.

Za maphunziro akuti ndiyo nkhani yofunika kuposa zonse, kuti munthu aliyense azitha kuwerenga mbiri ya dziko lake ndi ya maiko ena, komanso Malemba. Koma dongosolo sakupereka, akuti sakufuna kulamula. Nkhani yoposa zonseyo yangopatsidwa ndime imodzi. Pa malamulo ena, monga a ziweto zosochera, a misewu ndi a asilikali a m'midzi, akuti anawalemba ndi anthu anzeru kuposa iye, ndiye sakawakhudza pokhapokha ena atayamba.

Tsopano chifukwa chofunira mpando. Kwathu kuno tinazolowera kumva woimira uphungu akunena kuti iye analibe maganizo amenewa, koma mafumu ndi anthu a m'dera ndi amene amupempha. Lincoln naye anali ndi anzake a pa New Salem omulimbikitsa, ndipo akanatha kubisala kumbuyo kwawo. Sanatero. Akuti munthu aliyense ali ndi chimene amachilakalaka, ndipo chake chachikulu n'chakuti anthu anzake azimulemekeza zenizeni, iye atadzipanga kukhala woyenera ulemuwo. Akupitiriza kuti ndi wamng'ono, ambiri sakumudziwa, anabadwira mu umphawi ndipo akadali momwemo, alibe achibale olemera kapena otchuka omuyankhulira. Akagwa, akuti zokhumudwitsa anazizolowera, sadzadandaula kwambiri.

Pamenepa ndi pamene tinatsutsana kwambiri. Ena anati kudzichepetsa kumeneku ndi nyambo, chifukwa ovota ambiri anali alimi osauka amene akanakonda kumva kuti uyu ndi mnzawo. N'zoona, ndipo Lincoln sanali wopusa. Koma nyambo ikhoza kukhalanso yoona. Chimene ine ndikuchiona chachilendo n'chakuti akulekanitsa zinthu ziwiri zimene ofuna mipando amakonda kuzisakaniza. Mtsinje, katapila ndi sukulu ndi zimene akachite. Chifukwa chimene akufunira mpando ndi njala yake ya ulemu, ndipo waitchula dzina. Sananame kuti mtsinje wa Sangamon ndi umene ukumusowetsa tulo. Wovota wapatsidwa zonse ziwiri kuti aziyeze payekha.

Kalata itangotuluka, zinaoneka ngati mwayi wamugwera. Sitima yoyendera nthunzi yotchedwa Talisman inakwera mtsinjewo mpaka pafupi ndi Springfield, anthu n'kusangalala kuti msika wafika pakhomo. Posakhalitsa madzi anayamba kuphwa. Lincoln anali m'modzi mwa oiwongolera pobwerera, ndipo pa New Salem anachita kugumula mbali ina ya damu lija kuti idutse. Kenako mu Epulo kunabuka nkhondo yolimbana ndi gulu la eni nthaka a ku America lotsogozedwa ndi Black Hawk, iye n'kulowa usilikali, anzake n'kumusankha kukhala kaputeni. Anabwerako mu Julayi, kutatsala masabata ochepa kuti anthu avote pa 6 Ogasiti. Mipando inali inayi, opikisana 13, ndipo iye anakhala wachisanu ndi chitatu. Koma m'dera la New Salem, kumene ankamudziwa, anapeza mavoti 277 mwa 300.

Kugwa kwake sikunabwere chifukwa cha mfundo zake. Boma la Sangamon linali lalikulu ndipo kwina konseko dzina lake linali lachilendo. Mu 1833 anapatsidwa ntchito yoyang'anira positi ofesi ya New Salem, n'kuyambanso yoyeza malo, imene inamuyendetsa m'midzi yambiri. Mu 1834 anapambana, ndipo anasankhidwanso mu 1836, 1838 ndi 1840.

Zimene zinachitika atalowa m'nyumbamo ndi zimene zikundivuta kuziika bwino mu nkhani imene ndikulemba. Mnyamata amene anachita mantha ndi madola 290,000 uja, mu 1837 anali m'gulu la aphungu ovomereza ndondomeko ya njanji, ngalande ndi misewu ya madola pafupifupi 10 miliyoni, ndalama zongongola. Iye ndi aphungu anzake asanu ndi atatu a ku Sangamon ndi amenenso anakankha kuti likulu la chigawocho lisamuke ku Vandalia kupita ku Springfield. Chaka chomwecho chuma cha America chinagwa, ntchito zambiri zinaima zisanathe, ndipo Illinois inatsala ndi ngongole imene inatenga zaka zambiri kubweza. Pa zochepa zimene zinamangidwa panali njanji ya Northern Cross, yochokera ku Meredosia pa mtsinje wa Illinois, kudzera ku Jacksonville, imene inafika ku Springfield mu 1842. Njira yomwe ija anaikana m'kalata. Nayonso sinayende bwino poyamba, moti injini zitawonongeka ngolo zake zinkakokedwa ndi nyulu. Mtsinje wa Sangamon sunakhalepo njira ya sitima, ndipo pofika cha m'ma 1840 New Salem anthu anali atasamukamo.

Ndiye pa mfundo imene ankaidziwa bwino kuposa zonse, imene anaithera mawu ambiri, ndi pamene anaphonya. Ndikuganiza kuti kudziwa mtsinje ngati woyendetsa bwato kunamuchititsa kukhulupirira kuti vuto lililonse la pamtsinjepo lili ngati la pa damu lija, longofuna nzeru ndi manja, pomwe vuto lenileni linali loti madziwo ndi ochepa miyezi yambiri.

Mu ndime yomaliza ya nkhani yangayo ndikufuna kukamba za chimene mulibe m'kalatamo. Za ukapolo mulibe liwu ngakhale limodzi, pomwe wolembayo anali atafika kale ku New Orleans, kumene kunali msika waukulu wa akapolo. Ovota ake anali amuna achizungu okhaokha, ambiri ochokera ku zigawo za kummwera monga Kentucky, ndipo nkhaniyo sikanamupezera voti. Maganizo ake pa ukapolo analembedwa koyamba m'mabuku a nyumbayo mu Marichi 1837, pamene anapereka chikalata chonena kuti ukapolo maziko ake ndi kupanda chilungamo ndi ndondomeko yoipa. Anasaina anthu awiri okha, iye ndi phungu mnzake wa ku Sangamon, Dan Stone.