Ife ntchito yathu ndi yogawa hard disk

Shopu yathu ili ku Limbe, kachipinda kamodzi, tebulo, ma screwdriver ndi mulu wa ma CPU pakona. Tinayamba ngati wina aliyense, kuika Windows, kuchotsa ma virus, kusintha RAM. Koma amene anatitchukitsa ndi anyamata a ma burning centre, aja amaika nyimbo ndi mafilimu m'ma flash ndi ma memory card. Iwowa makina awo ndi akale, ma Dell OptiPlex ndi ma HP Compaq obwera pa kaunjika, koma hard disk ndiye yaikulu zedi poti mpamba wawo wonse uli momwemo, ikangofa ndiye kuti geni yatha basi.

Windows sangaisiye chifukwa printer yakale ija ndi tima program tosinthira mavidiyo timafuna Windows. Koma flash iliyonse ya kasitomala imabwera ndi matenda ake, makamaka ka virus kaja kamabisa mafoda nkusiya ma shortcut okhaokha. Pa Linux, system ina yoyendetsera kompyuta ngati Windows, ka virus aka sikagwira ntchito, mafayilo obisika aja umawaona bwinobwino nkuchotsa zoipazo ndi dzanja. Ndiye tinayamba kuwaikira zonse ziwiri pa makina amodzi, Windows ndi Linux Mint ya Xfce yomwe ndi yopepuka, pa Core 2 Duo imathamanga osadandaula.

Kagawidwe kathu sitisintha. Windows chigawo chake, Linux chake, kenako chachitatu chachikulu cha katundu yekhayekha, chili ngati nkhokwe ya pakati pa nyumba ziwiri, ina ikapsa chimanga chilipobe. Ichi ndi chomwe ndimalimbana nacho ndi makasitomala tsiku ndi tsiku, amafuna zonse pa C:, chigawo cha Windows chija, kuti ati azipeza msanga, ine ndimakana ndithu ngakhale akwiye, poti Windows imafa ndipo idzafanso, ndipo tsiku limenelo ndikufuna ndi format popanda munthu kundigwira malaya. Chigawo cha katundu timachipanga format ya NTFS, kasungidwe ka mafayilo komwe Windows ndi Linux onse amawerenga. Format ina ya FAT32 onse awiri amaiwerenga inde koma fayilo yopitirira 4GB siilandira, filimu imodzi yabwino yakanika kale. Ext4, format ya Linux, nayo Windows siidziwa, imangokufunsa ngati ukufuna ku format, ndiye tangoganizani mnyamata wotopa madzulo wadina Yes.

Windows timayamba ndi iyeyo nthawi zonse, Linux pambuyo, chifukwa ukatembenuza Windows imafufuta GRUB, ka menu kosankhira Windows kapena Linux makina akamayaka, Linux nkusowa ngati kulibe.

Pomwe pali ntchito yeniyeni ndi pa kukula kwa disk. Makina akalewa ali ndi BIOS, ka program kakale kodzutsira makina, alibe katsopano ka UEFI, ndiye Windows imadzuka pa MBR pokha, kagawidwe kakale ka disk. MBR imalola zigawo zazikulu (ma primary partition) 4 basi, ndipo malaputopu ena amabwera onse 4 atadzaza kale ku fakitale, recovery ndi zina, umafunika kuchotsa kamodzi nkupanga extended, chigawo chomwe mkati mwake mumalowa zigawo zina, kuti Linux ipeze pokhala. Kenako MBR yomweyo imathera pa 2TB. Mnyamata wina wa ku Bangwe anabwera nkhope itagwa, wasunga ndalama nthawi yaitali wagula disk ya 3TB, kuika pa makina ikuonetsa 2048GB, ina 746GB yangokhala yakuda pa Disk Management yosakhudzika, iye nkumati amubera akabweze. Ndinamukhazika pansi, achimwene disk yanu ndi yabwino, vuto ndi kagawidweka. Tinapeza ka disk kakang'ono ka 160GB tinaikapo Windows 7 ndi Mint pa MBR, yaikulu ija tinaipanga GPT, kagawidwe katsopano kosathera pa 2TB, ya katundu yekha, poti Windows 7 imawerenga GPT bwinobwino bola isakhale yodzukirapo. Ataona 2794GB yonse pa screen anaimirira nkuomba m'manja.

Ma Pentium 4 a m'masukulu ena ali ndi malire awo akalekale a 137GB, BIOS yake siiona kupitirira apo, ndi Windows XP yopanda Service Pack 1 chimodzimodzi. Pamenepo zonse zodzutsira makina timaziika koyambirira kwa disk, Linux ikadzuka imadzionera yokha malo otsalawo. Ndipo timagawa ndi GParted, program ya Linux yogawira disk, osati CD ya XP, chifukwa XP imayambitsa partition pa sector 63 (ma sector ndi timagawo ting'onoting'ono ta disk) pomwe ma disk atsopano a ma sector a 4K amafuna kuyambira pa 1MiB, apo ayi makina amayenda ngati akudwala.

Pali tiwiri tomwe timabweza anthu ku shopu. Pa Windows 10 pali Fast Startup, makina amaoneka ngati azima koma disk yaigwirabe, ukalowa ku Linux chigawo cha katundu chimangowerengeka osalola kusungamo kanthu, ndiye Fast Startup timaizimitsa munthu asananyamule makina ake. Magetsi akathima mwadzidzidzi zimachitikanso, mankhwala ake ndi kulowa ku Windows, kuyendetsa chkdsk yokonza disk, nkuzimitsa bwino. Kena ndi wotchi, Linux imasunga nthawi ya UTC, ya dziko lonse lapansi, pomwe Windows imasunga yakwathu, ndiye ukabwerera ku Windows nthawi yatsalira ndi maola 2, 10 koloko ikuonetsa 8 koloko, anthu amathamangira kugula ka batire ka CMOS kosunga nthawi pachabe.

Chithetsereni Microsoft thandizo la Windows 10 pa 14 October 2025 anthu achuluka, Windows 11 imafuna TPM 2.0, ka chip ka chitetezo komwe makina ambiri kuno alibe, ndipo kompyuta yatsopano ndani angaikwanitse ndi mmene kwacha yagweramu. Pano ngakhale a ma stationery ndi aphunzitsi akubwera, timawauza kuti za intaneti ndi za ku banki azipangira ku Linux, Windows ikhale ya printer. Mukamabwera tengani disk ina yosungirapo katundu wanu kaye, popanda backup ine partition sindiikhudza.