Mpira wofiira pa kapinga wa ku Chilenje

Mvula ikayamba mu Novembala, kapinga wa pakhomo pathu ku Chilenje amaphuka mofulumira, ndipo nthawi imeneyi ndi imene ana anga amadandaula kuti galu wathu ndi wopusa. Ndinawagulira mpira wofiira ku msika wa Kamwala, muno mu Lusaka. Akauponya, galuyo amathamanga mpaka kuupitirira, kenaka n'kuyamba kununkhiza uku ndi uku, pamene ife pakhonde tikuuona uli psuu ngati tomato wakupsa m'dimba. Nanenso ndinkamuseka, osadziwa kuti wolakwa ndinali ine amene ndinasankha mtunduwo.

M'kati mwa diso, chakumbuyo kumene kuwala kumafikira, muli timaselo timene timazindikira mitundu. Munthu ali ndi magulu atatu a timaseloti, koma galu ali ndi awiri okha. Zimenezi anazitsimikizira wasayansi Jay Neitz ndi anzake ku California m'chaka cha 1989, ataphunzitsa agalu kukhudza ndi mphuno kagalasi kamene kankawala ndi mtundu wosiyana ndi tinzake tiwiri. Galu amasiyanitsa bwino buluu ndi chikasu, koma chofiira ndi chobiriwira zimamuonekera mofanana ndithu, motero mpira wanga uja umasowera mu udzu. Zija tinkauzidwa tili ana, zoti galu amaona zakuda ndi zoyera zokha, si zoona. Ng'ombe nazo zili ndi magulu awiri, ndipo nkhunzi zimene anthu amalimbana nazo m'mabwalo a ku Spain atanyamula nsalu yofiira zimalusira kugwedezeka kwa nsalu, osati kufiira kwake.

Chimene chimandichititsa chidwi kwambiri ndi kashembe. Ndili mwana, popita kwa agogo cha ku chigwa cha Luangwa, ndinkaona nsalu za buluu ndi zakuda zitaimikidwa m'tchire, ndipo ndinkaganiza kuti ndi mbendera. Agogo ankazitchula kuti nsalu zobiriwira, chifukwa kwa iwo mawu amodziwo ankakwanira masamba ndi thambo lomwe, ndipo mawu akuti buluu tinachita kubwereka. Patapita zaka ndinamva kuti nsaluzo ndi misampha. Buluu amakopa kashembe kuchokera patali, akafika amatera pa mbali yakuda, ndipo nsaluyo imakhala itapakidwa mankhwala omupha. Choncho kudziwa chimene diso la kachilombo kakang'ono chotere limakonda kumathandiza kuteteza ng'ombe, ndiponso anthu ku matenda a kaodzera. N'chifukwa chake wopita kuchigwako amalangizidwa kusavala zakuda kapena za buluu.

Palinso zolengedwa zimene zimatiposa. Njuchi siziona chofiira bwinobwino, koma zimaona kuwala kwa ultraviolet kumene maso athu satha kukuona, ndipo maluwa ambiri ali ndi timizere tozilondolera ku timadzi totsekemera, timene ife sitingatione ngakhale titayandikira chotani. Wasayansi Karl von Frisch, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1973, ndiye anasonyeza kuti njuchi zimazindikira mitundu, pozizoloweza kupeza madzi a shuga pa kapepala ka buluu pakati pa timapepala totuwa. Mbalame zambiri zili ndi magulu anayi a timaselo tija.

Loweruka lapitali ndinabwerera ku Kamwala n'kugula mpira wa buluu. Mwana wanga wamng'ono anauponya mpaka kumpanda, ndipo galu anautola osanunkhiza n'komwe. Wamkulu sanakhutire, akuti galuyo wangozolowera masewerawo, ndipo wakonza zoti mawa aponye mipira yonse iwiri nthawi imodzi.